CIPOLOPOLO COYENERA NYAMA YACE

Munthu wa m'tauni akafuna kugula mfuti yosakira nyama, kawirikawiri amayamba ndi kufunsa mtengo wace, kapena dziko kumene inapangidwa. Koma alenje odziwa nchito yao amayamba ndi funso lina, ndilo lakuti: Kodi mfuti imeneyi imadya cipolopolo cotani, ndipo cipolopoloco cingagwetse nyama iti? Pakuti mfuti nchito yace ndi kuponya cabe, koma cimene cimalowa m'thupi la nyama ndi cipolopolo. Cikacepa, nyama imathawa ndi bala nkukafera kutali, osapindulitsa munthu ali yense. Cikakula kopambana, cimaononga ndiwo zimene munthu anazibvutikira.

M'nkhani ino tilongosola kasankhidwe ka zipolopolo, makamaka kwa ife okhala ku Kasanda ndi m'makomboni ena a Kabwe. Tikanena kuti mlenje, tikunena munthu wosaka nyama monga mwa Cinyanja. Musamsokoneze ndi Alenje, eni ace a dziko lino.

NYAMA ZA DZIKO LINO

Mabuku ambiri onena za mfuti analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo nyama imene amaichula kwambiri ndi ija iwo amati deer. Nyama imeneyi kuno kulibe. Iyo imagwetsa nyanga zace caka ndi caka nkumera zina zanthambi, pamene nyama zathu za mtundu wa gwape zimakhala ndi nyanga zomwezo moyo wao wonse. Cotero uphungu wa m'mabukumo tiyenera kuuyeza ndi nyama zathu tisanautsate.

Kumadzulo kwa Kabwe kuli dambo lalikuru la Lukanga, kwao kwa nsobe, nyama ya ziboda zazitali yoyenda m'mabango. Kum'mawa kuli cigwa cotentha ca Luano, m'mene muyenda mtsinje wa Lunsemfwa. Pakati pa malo awiriwa panali nkhalango za msuku ndi mombo, ndi madambo odzaza mphoyo. Koma njanji itafika mu 1906, ndi mafamu atacuruka, nyama zinanka zicepa, kotero kuti lero wofuna kusaka ayenera kupita kutali.

Nyama zimenezi zimasiyana kwambiri msinkhu. Gwape, amene ena amamucha insa, amalemera makilo 15 kufikira 25. Nswala yamphongo, mbawala ndi mphoyo ziri pakati pa makilo 40 ndi 90. Ngoma yamphongo ndi mphalapala zimapitirira makilo 200, ndipo nchefu yamphongo yokhwima imatha kupitirira makilo 700, kuposa ng'ombe zambiri za kumudzi. Ndi codziwikiratu kuti cipolopolo coyenera gwape sicingakhale coyenera nchefu.

MASIKU A GOGODELA

Makolo athu analibe cosankha pa nkhani imeneyi. Poyamba ankasaka ndi uta, mibvi, nthungo, maukonde ndi mbuna. Mfuti zinafika m'zaka za m'ma 1800 ndi anthu a malonda a minyanga ndi akapolo: Acikunda ocokera ku Zambezi, Amambari ocokera ku Angola, ndi Aswahili ocokera kunyanja ya kum'mawa. Mfuti zao zinali magogodela, mfuti zodyera kukamwa. Mlenje ankathira onga mu mpope, natsendera kansaru kapena udzu ndi ndodo, naika cipolopolo, natsenderanso. Zakale kwambiri zinkayaka ndi mwala, zapambuyo pace ndi fataki.

Cipolopolo ca gogodela cinali ciri conse colowa mu mpope. Wopeza mtobvu ankausungunula pamoto nkuumba timipira, cifukwa mtobvu ndi wofewa ndipo sufuna moto waukuru. Wosaupeza ankadula citsulo kapena mkuwa, ndipo ena ankaikamo ndi timiyala. Onga ankauyeza ndi zala pa ndodo yotsendera. Ukacepa, cipolopolo sicinkalowa. Ukacuruka, mpope unkang'ambika, ndipo alenje ambiri anaduka zala ndi kucita khungu mwa njira imeneyi.

M'kati mwa mpope wa gogodela munali mosalala, cifukwa cace cipolopolo sicinkayenda molunjika. Kupitirira mamita 50 munthu sakanadziwa pamene citi cikagwere. Ici ndico cinacititsa alenje akale kukhala akatswiri a kunyang'ama. Ankayeza mphepo ndi phulusa, nakwawa mpaka kufika pafupi zedi ndi nyama, pakuti anadziwa kuti kuomba nkamodzi kokha: utsi usanathe, nyama zonse zabalalika.

Mwambo unali wakuti nyama yobvulazidwa saisiya. Pa uzimba, amene anayamba kulasa ndiye anali mwini nyama, ndipo womthandiza kutsiriza ankalandira gawo lace. Mfumu ya dziko inkalandira mtulo, ndipo pa njobvu, mnyanga wogwera pansi unali wa mfumu. Wolasa nyama nkuitaya ankasekedwa, ndipo nthawi zina ankamuganizira kuti sanasunge mwambo wa kunyumba asananyamuke.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji anthu anakhala ndi magogodela nthawi yaitali cotere, pamene Azungu anali ndi mfuti zabwino? Yankho lace liri m'malamulo. Mu 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuti m'cigawo cacikuru ca Africa, pamodzi ndi dziko lino, anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono. Zololedwa zinali mfuti za mwala zosalala m'kati, ndi onga wamba. Iwo anati afuna kuthetsa malonda a akapolo, komanso lamulolo linathandiza olamulira kuti asaope anthu ao. Masiku onse a utsamunda, mfuti zambiri zolembedwa pa Boma m'maina a anthu akuda zinali magogodela. Cifefe ndi raifulo zinali za mafumu ndi anthu owerengeka.

CIPOLOPOLO CAMAKONO

Cimene lero timacicha cipolopolo ciri ndi zinthu zinai pamodzi. Pali khoko la mkuwa wacikasu. Kumbuyo kwace kuli fataki. M'kati muli onga woyezedwa kale. Ndipo kutsogolo kuli mutu, ndiwo wokha umene umaturuka nkukalasa nyama. Mu mpope wa raifulo muli mizere yopota imene imazungulitsa mutuwo ngati nguli, ndipo cifukwa ca kuzungulako umayenda molunjika mtunda wautali.

Cipolopolo cimene anthu a kuno anacidziwa koposa ndi .303. Angerezi anayamba naco pafupi ndi 1889, ndipo askari athu a Northern Rhodesia Regiment ananyamula mfuti zace, za Lee-Enfield, pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, kufikira ku Burma. Apolisi ndi olonda nyama anagwiranso nchito ndi mfuti zomwezo. Mutu wace wa nkhondo unkayenda mamita oposa 700 pa sekondi imodzi.

Manambala olembedwa pa zipolopolo amasokoneza anthu ambiri, koma tanthauzo lace si lobvuta. Angerezi ndi Aamerika amayeza kukula kwa bowo la mpope m'zigawo za inchi: .303 ndiye kuti inchi itagawidwa magawo 1,000, bowolo litenga magawo 303. Ajeremani amayeza m'mamilimita: 7x57 ndiye kuti bowo ndi mamilimita 7, ndipo utali wa khoko ndi mamilimita 57. Pa .30-06, nambala yotsiriza ndi caka ca 1906 pamene asilikari a America anacilandira. Kulemera kwa mutu amakuyeza ndi kamuyeso kochedwa gireni. Magireni 15 ndi theka amapanga pafupifupi giramu imodzi.

Apa pali cenjezo lalikuru. Dzina lodindidwa pa mpope wa mfuti liyenera kufanana ndendende ndi dzina lodindidwa kumbuyo kwa khoko. Ngakhale .303 ndi .308 zimveka ngati pacibale, ndi zipolopolo ziwiri zosiyana. Ziripo zina zimene zimalowa ndithu m'mfuti yosakhala yace, ndipo munthu akaomba, mfuti imamphulikira kumaso.

MAGULU A NYAMA NDI ZIPOLOPOLO ZACE

Tiyambe ndi nyama zazing'ono, monga gwape ndi kasenye. Izi zimapezeka m'zitsamba ndipo munthu amaziona pafupi. Cifefe cokhala ndi zipolopolo za njere zazikuru cimakwanira pa mamita 30, ndiponso raifulo yaing'ono monga .22 Hornet. Mutu wopepuka wothamanga kwambiri ukalasa gwape pafupi, umaphwanya mapewa onse awiri, ndipo cotsala cimakhala ca agaru.

Pali kacipolopolo kena, .22 Long Rifle, kamene kanaturuka mu 1887, ka mutu wa magireni 40. Nkochipa, ndipo sikacita phokoso. Cifukwa cace ambiri amayesedwa kuombera nako nswala ndi mbawala. Kameneka nka akalulu ndi nkhanga. Nyama zobvulala ndi kufera m'chire cifukwa ca kacipolopolo aka nzosawerengeka.

Gulu laciwiri ndi nyama zapakati: nswala, mbawala, mphoyo, nseula ndi njiri. Pa izi pali zipolopolo zambiri zabwino. .243 Winchester, cimene cinaturuka mu 1955, ciri ndi mutu wa magireni 100, ndipo sicimenya paphewa kwambiri. .270 Winchester ca mu 1925, ndi mutu wa magireni 130 kapena 150, cimayenda mosagwa msanga, cotero nca m'madambo m'mene nyama siilola kuiyandikira. 7x57, cimene Paul Mauser anapanga mu 1892 ndipo Mabunu anamenyana naco Angerezi pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ncabwino m'chire ndi m'dambo momwe.

Gulu lacitatu ndi nyama zazikuru: ngoma, nakodzwe, nkhozi, mphalapala ndi mbidzi. Izi ziri ndi cikopa cocindikala ndi mafupa olimba, ndipo zifuna mutu wolemera wolowa kwambiri. Zoyenera ndi 7x57 ca magireni 175, .303 ca magireni 180, .308 Winchester ca mu 1952 ca magireni 165 kapena 180, ndi .30-06 ca magireni 180. Apa .243 cacepa.

Nchefu iri payokha. Yofunika ndi .30-06 ca magireni 200 kapena 220, kapena 9.3x62 cimene Otto Bock wa ku Berlin anapangira Ajeremani okhala mu Africa mu 1905, kapena .375 ca Holland & Holland a ku London, ca mu 1912, ca mutu wa magireni 300. Cimeneci ca .375 ndico cocepetsetsa cimene alenje amayandikira naco njati ndi njobvu, koma za nyama zoopsazo si nkhani yathu lero.

Ambiri a ife sitingagule mfuti zitatu. Wokhala ndi ndarama za mfuti imodzi yokha acita bwino kutenga .308 kapena .30-06, pakuti zimenezi zimagwira nchito kuyambira pa nswala kufikira pa ngoma, ndipo zipolopolo zace zimapangidwa m'maiko ambiri. Musanagule mfuti, yambani mwafunsa m'masitolo a mfuti ngati zipolopolo zace zimapezeka nthawi zonse. Mfuti ya dzina lomveka yosowa zipolopolo imangokhala katundu wa kuseri kwa citseko.

MUTU WOFEWA NDI MUTU WOLIMBA

Kudziwa nambala kokha sikukwanira, cifukwa mitu iri ya mitundu iwiri. Mutu wofewa uli ndi mtobvu woonekera kunsonga. Ukalowa m'thupi umatambasuka ngati bowa, nung'amba bala lalikuru m'mapapo ndi mumtima, ndipo nyama imafa msanga. Mutu wolimba ndi wokutidwa monse ndi citsulo kapena mkuwa, ndipo sutambasuka.

Zipolopolo za nkhondo ziri ndi mitu yokutidwa, cifukwa mu 1899 maiko anapangana ku The Hague kuleka kuombera anthu ndi mitu yotambasuka. Cotero cimene ciri coyenera kunkhondo ncosayenera ku uzimba. Mutu wa nkhondo ukalasa nswala, nthawi zina umangopyola nkusiya kabowo konga ka cikhatha ca pensulo, ndipo nthawi zina umakhotera kwina m'thupi. Mwazi umagwa pang'ono, mlenje amataya mkukuluzi, ndipo nyama imakafa mawa lace, nikhala ya afisi. Kuonjeza apo, fataki wa zipolopolo zakale za nkhondo amasiya mcere umene umadya mpope ndi dzimbiri. Pa nyama zonse za mtundu wa gwape, gulani mutu wotambasuka.

Ena pofuna kuonetsa kuti kacipolopolo kakang'ono nkokwanira, amachula W. D. M. Bell wa ku Scotland, amene kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 anapha njobvu zoposa 1,000, zambiri ndi 7x57. Nzoona anatero. Koma iye anaceka zigaza za njobvu kuti aone pamene pali bongo, ndipo ankaomba masiku onse. Kalaliki kapena makaniko woturuka kamodzi pa caka asadziyese Bell.

POLASA NDI PATALI PACE

Cipolopolo cabwino colasa m'matumbo cimapambanidwa ndi cipolopolo wamba colasa mumtima. Mabuku a ku America amati lasani kumbuyo kwa phewa. Koma mtima ndi mapapo a nyama zathu ziri cakutsogolo ndiponso cakumunsi, pakati pa mapewa. Nyama ikaima copingasa, tsatani mwendo wamwamba ndi diso, ndipo mukwere gawo limodzi la magawo atatu a thupi kucokera kumunsi kwa cifuwa. Pamenepo ndiye polasa.

Mfuti yaikuru imamenya paphewa, ndipo munthu woiopa amatsinzina asanaombe. Ndi bwino kukhala ndi .308 imene mukhoza kuigwira bwino koposa .375 imene ikunjenjemeretsani. Musanapite kuchire, yesani mfuti pa cizindikiro ca pa mamita 100, pa malo ololedwa, ndi zipolopolo zomwezo zimene mudzasakire, cifukwa mitu yosiyana kulemera imagwera malo osiyana. Ngati simungathe kulasa mbale ya nsima katatu motsatana pa mtunda umenewo, yandikirani. Nyama zambiri za m'nkhalango zathu zimaphedwa pa mtunda wosafika mamita 150. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Luso lija la kunyang'ama la eni magogodela likali lofunika kufikira lero.

ZA MTOBVU

Tsopano tifike pa mfundo imene itikhudza ife a ku Kasanda koposa anthu ena onse. Tauni yathu inabadwa cifukwa ca mtobvu. T. G. Davey anaona miyala ya mtobvu ndi zinki kuno mu 1902, nacha malowa Broken Hill, dzina la mgodi wina wa ku Australia. Dzina lakuti Kabwe linabwerera dziko litalandira ufulu. Mgodiwo unagwira nchito kufikira mu 1994. Utatsekedwa, pfumbi la mtobvu linatsala m'dothi la Kasanda, Makululu, Chowa ndi makomboni ena oyandikana ndi mgodi, ndipo madokotala atayeza mwazi wa ana anapeza kuti ambiri ali ndi mtobvu wocuruka moopsa. Mtobvu umaononga bongo wa mwana, numcititsa kusagwira za kusukulu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse likunena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene tingauche wabwino.

Ndiye tikumbukire kuti mutu wofewa uja m'kati mwace ndi mtobvu womwewo. Ukagunda pfupa uli pa liwiro lalikuru, umanyenyeka nkumwaza tizidutswa tambirimbiri, tina tating'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timalowa mumnofu kutali ndi bala. Kuphika sikucotsa mtobvu, ngakhalenso kufutsa kapena kuwamba. Kwa munthu wamkuru wodya nyama ya m'chire kamodzikamodzi bvuto lace ndi locepa. Koma kwa mwana wa kuno amene ali nao kale m'mwazi, ndi kwa mai wodwala pakati, uku ndi kusenzetsa wotopa kale. Miimba nayonso imafa ikadya matumbo otayidwa m'chire okhala ndi tizidutswa timeneti.

Mankhwala ace alipo awiri. Coyamba, lero kuli mitu yopangidwa ndi mkuwa wokhawokha, imene a Barnes a ku America anayamba kugulitsa ca m'ma 1989. Imeneyi imatambasuka ngati duwa koma siinyenyeka, ndipo imalowa kwambiri. Ku California, kuyambira mu 2019, saloleza kusaka ndi zipolopolo za mtobvu. Mtengo wace ndi wokwera, koma mlenje wabwino samaliza zipolopolo zambiri pa caka; ndipo kwa ife a dziko la mkuwa si cinthu cacilendo. Caciwiri, ngati mwasakira mutu wa mtobvu, sankhani wolemera wosathamanga kopambana, cifukwa umanyenyeka pang'ono. Ndipo posenda dulani mnofu wonse wozungulira bala, wopingasa dzanja kapena kuposa, pamodzi ndi wonse woda ndi mwazi, nkuukwirira. Musaupatse ana, ngakhale agaru.

MALAMULO

Zonse tanenazi nza munthu wosaka mololedwa. Mfuti iri yonse ifuna laisensi monga mwa lamulo la mfuti, ndipo zipolopolo sagula popanda kuonetsa laisensiyo. Kukhala ndi mfuti sikupatsa munthu ufulu wakupha nyama. Lamulo la nyama za m'chire la mu 2015 linaika nchito imeneyi m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, ndipo kumeneko ndiko kumaturuka cilolezo cochula mtundu wa nyama, ciwerengero cace, ndi malo osakirako. M'nkhalango zosungira nyama monga ya Kafue, imene inakhazikitsidwa mu 1950, munthu saombamo konse. Usaki umacitika m'madera ozungulira oikidwira nchitoyo, ndi m'mafamu a nyama mwini atalola. Nyama zina nzotetezedwa, ndipo zaka zina Boma limaimitsa usaki. Cifukwa cace funsani ku ofesi musanagule cipolopolo ca nyama imene simudzaloledwa kuipha. Kusaka usiku ndi nyali, kuchera misampha ya waya, ndi kusakira mfuti za nkhondo nzoletsedwa. Wobvulaza nyama ayenera kuilondola mpaka aitsirize, ndipo ikakhala yoopsa nimthawa, akanene kwa olonda nyama msanga, isanakapweteke anthu a m'midzi.

Makolo athu anabvulaza nyama zambiri cifukwa zida zao zinali zoperewera, ndipo lamulo silinawalole zina. Komabe anasunga mwambo wakuti nyama yolasidwa saisiya. Ife tapatsidwa mwai wosankha pamene nyama zacepa. Tsono inu amene mwapeza cilolezo, musanalowe m'sitolo dziwani nyama imene mukukasaka, mtunda umene mungathe kulasa, ndi anthu amene adzadya ndiwozo kunyumba. Mukadziwa zitatu zimenezi, wogulitsa sadzakusankhirani cipolopolo, mudzachula nokha.